Kamluzu ka Pansi pa Galimoto ya Bambo Anga

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene galimoto ya bambo anga inalephera mayeso kawiri. Sinali galimoto yogula yathunthu ayi. Inabwera m'mabokosi, zitsulo pazokha, mawaya paokha, mabawuti m'timatumba, ndipo bambo anga anaimanga okha mu galaja ya nyumba imene tinkachita lendi ku Girrawheen, kuno ku Perth. Inali ya mipando iwiri, yopanda denga, yopanda zitseko, yaifupi moti ndikaima pambali pake inkandilekeza m'chiuno. Matayala akutsogolo anali panja, atagwiridwa ndi tizitsulo towonda, ndipo thupi lonse analipaka utoto wobiriwira. Tsiku limene inaima ndi matayala ake koyamba, mayi anga anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Ichi ndiye chiwala." Dzina linakhala lomwelo.

Injini ya Chiwala inali ya njinga yamoto, zikuluzikulu zothamanga zija, ndipo anaigula kwa anthu ogulitsa zitsulo za magalimoto ochita ngozi. Injini yotere imazungulira mofulumira kuposa ya galimoto wamba. Ukaipondera mafuta imachita kukuwa, phokoso lake lolowa mpaka m'mano.

Bambo anga ankagwira ntchito kumgodi, kumpoto kwenikweni, kopita pandege. Masabata awiri ankakhala kumeneko akukonza makina ophwanya miyala, sabata imodzi kunyumba. Luso analiphunzira ali mnyamata m'magalaja a ku Biwi ku Lilongwe, ndipo ankati moyo wawo wonse akhala akukonza zinthu zopanga ena, tsono ankafuna chimodzi choti adzaloze n'kunena kuti ichi ndapanga ndine. Zaka zitatu zinatha akumanga. Ine ndinali mwana mmodzi yekha, choncho sabata yawo yakunyumba inkakhalanso yanga. Mawaya onse a kuseri kwa chiwongolero ndinalowetsa ndine chifukwa manja awo sankakwanamo. Fungo la girisi ndi la chitsulo chotentha, pamodzi ndi la masamba a bulugamu ouma amene mphepo inkakankhira pakhomo pa galaja, mpaka lero likandipeza limandibwezera kumeneko.

Kuno galimoto yopanga wekha silowa mumsewu mpaka injiniya wovomerezeka ataiyeza. Wathu anali a Colin, mzungu wachikulire wovala chipewa chachikulu, wosalankhula zambiri. Mabuleki, magetsi, malamba, chiwongolero, zonse Chiwala chinapambana. Chinatsala chimodzi, phokoso.

Mayeso a phokoso ankachitikira pabwalo la phula kuseri kwa mafakitale, kutali ndi zipupa, m'mawa mphepo isanayambe. Chiwala tinkachinyamula pa ngolo yokoka. A Colin ankaimika kamakina ka miyendo itatu pafupi ndi pakamwa pa ekizozi, n'kuyeza mtunda wake ndi tepi. Kenaka bambo anga ankaponda mafuta mpaka singano itafika pamene lamulo limanena, n'kugwira pomwepo, n'kusiya. Kamakinako kankaonetsa nambala, ndipo nambalayo sinayenera kudutsa malire.

Ulendo woyamba inadutsa malire ndi patali. Bambo anga anangoseka. Anati sayilensa yachepa, ndipo atabwerako kumgodi anaikapo ina yaikulu ngati ntchafu ya munthu. Ulendo wachiwiri nambala inatsika pang'ono chabe. A Colin anakanda m'khosi n'kunena kuti sayilensa yotere inayenera kukwanira, pali china chimene chikulira, koma iwo ntchito yawo ndi kuyeza basi. Pobwerera kunyumba bambo anga sanatsegule wailesi njira yonse.

Nthawi inali itatithera. Makolo anga anali atapeza nyumba ku Ellenbrook, ndipo tinkayenera kusamuka kumapeto kwa Januwale. Nyumba za kumeneko n'zothinana, galaja yake yongokwana galimoto ya mayi anga yopitira kuchipatala kumene ankagwira ntchito ya unamwino. Mayi anga anali atapirira zaka zitatu za mafuta pa matawulo ndi madandaulo a anthu oyandikana nafe, tsono ananena poyera tsiku lina tikudya.

"Bambo a Tiyamike, chinthu chosaloledwa kuyenda mumsewu ine sindisamuka nacho. Chikalephera kachitatu mupeze wochitenga."

Bambo anga sanatsutse. Anangoti, "Ndamva."

Koma panali chinthu chimene ine ndinkadziwa. Nthawi zonse injini ikalira, pansi pa phokoso lalikululo ndinkamva kaphokoso kena, kamluzu kowonda, tsiii, kochokera mbali ya kumanja pansi, pamene mapaipi a ekizozi anawakulunga ndi nsalu yoteteza kutentha. Akaponda mafuta nako kankakwera. Sindinakatchulepo chifukwa ndinkaganiza kuti aliyense akukamva, kuti ndi mmene injini ya njinga yamoto imalirira. Tsiku la mayeso achiwiri, a Colin atanena kuti pali china chimene chikulira, m'pamene ndinayamba kulumikiza zinthu. Kunyumba bambo anga ankakweza kanema mpaka mayi kudandaula. Mayikuloweve ikalira kuti chakudya chatentha, iwo ankangokhala. Ndikawalankhula ndili kumbuyo kwawo, kawirikawiri sankacheuka.

Lamlungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi ku Mirrabooka, azibambo atatu a kwathu anabwera kudzaona Chiwala ndi kupereka nzeru. Kunkatentha kwambiri, phula la mumsewu likuchita kununkha. Anaima mozungulira galimoto ndi mabotolo a zoziziritsa kukhosi m'manja, mataye atamasula. Bambo anga analiza injini n'kuponda mafuta. Kamluzu kaja kanatuluka bwinobwino, ndipo ndinaona mmodzi wa alendowo akutsinzina diso limodzi ngati chamulasa.

"Mukumva mmene yafewera?" anatero bambo anga mokweza mawu. "Kamakina ka mzungu uja ndi kamene kali ndi vuto."

Alendo anagwedeza mitu. Palibe amene anafuna kuwatsutsa pakhomo pawo.

Ndinkafuna kuwathandiza, ndipo ndinkafunanso kulankhula mwaulemu. Monga ana ambiri okulira kuno, Chichewa ndinkachimva koma ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo mayi anga ankandikalipira ndikatero pamaso pa alendo. Choncho ndinasonkhanitsa Chichewa changa chonse, ndinadikira injini itsike, n'kunena momveka bwino kuti, "Adadi, inuyo ndinu osamva."

Mawu amenewo ndinkawadziwa chifukwa ankanenedwa kwa ine. Mayi akandiitana katatu ine ndili pa kanema, ankati ndine mwana wosamva, ndipo ine ndinkaganiza kuti akutanthauza makutu basi. Sindinkadziwa kuti ndi mawu a mwana wamwano, wouma mutu, ndiponso kuti mwana sangawanene kwa bambo ake, makamaka pali anthu.

Mlendo mmodzi anayang'ana nsapato zake, wina anayamba kuwerenga zolembedwa pa botolo. Bambo anga anazimitsa injini pang'onopang'ono. Sanakalipe. Anandiyang'ana, ndipo nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo.

"Lowa m'nyumba," anatero. "Ndipo mu galaja muno usadzapondemonso."

Lachiwiri anakwera ndege kubwerera kumgodi. Potsanzika anangondigwira paphewa, osanena za galimoto.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, ndinali kuthandiza mayi kuanula zovala kuseri kwa nyumba. Mphepo ya kunyanja inali itayamba, mayunifolomu awo akuwuluka pachingwe. Ndinawafunsa chimene ndinalakwa, popeza ndinanena zoona. Anandifotokozera tanthauzo la mawu aja, ndipo manyazi anandigwira. Koma sanalekere pomwepo.

"Mawu unaphonya, inde," anatero akupinda shati. "Koma ngakhale ukanapeza mawu oyenera, ukanawavulabe pagulu. Ukuganiza kuti bambo ako sadziwa? Akudziwa. Ine ndinazindikira kalekale, ndipo ndalankhula mpaka kutopa. Makina a kumgodi aja awadya makutu. Akuopa kuti akavomera, ntchito iwathera, ndipo ntchito imeneyo ndi imene inatibweretsa kuno."

Ndinafunsa kuti nanga ndichite chiyani, popeza kamluzuko kalipo ndithu.

"Afooka ndi makutu okha," anatero mayi. "Maso awo ali bwino, manja ali bwino, nzeru zili bwino. Ganiza."

Ndinaganiza masiku angapo. Chimene chinandithandiza ndi njinga yanga yakapalasa. Chaka chapitacho inaphwa tayala, ndipo bambo anga omwewo anandiphunzitsa kupeza pobooka: kupopa chubu, kuchipaka madzi a sopo, n'kuyang'ana pamene patuluke thovu. Mluzu umatuluka pamene mpweya ukudutsa pakampata kakang'ono. Ngati mpweya ukutuluka, ndiye kuti sopo angauonetse.

Masiku otsalawo ndinawathera pa Chichewa. Ndinapempha mayi kuti andiphunzitse mawu oti ndikanene, ndipo tinkawabwereza m'galimoto popita kukagula zinthu, iwo akundikonza lilime pamene likukhota ngati la mzungu. Ndinkafuna kuti ulendo uno pasakhale liwu ngakhale limodzi lophonya.

Bambo anga anabwera Lachiwiri la sabata yawo yomaliza tisanasamuke. Mayeso achitatu anali Loweruka. Lachitatu m'mawa ndinawamva akutsegula galaja, ndipo nditasuzumira ndinawapeza atakhala pa kampando akuyang'ana sayilensa, manja ali pa mawondo, ngati munthu amene nzeru zamuthera. Ndinatenga botolo lopoperera limene ndinali nditadzaza madzi a sopo wotsukira mbale. Lamulo lawo linali lisanachotsedwe, choncho sindinalowe. Ndinagwada pakhomo penipeni, pa simenti yotentha, kumbali imene akanatha kuona pakamwa panga.

"Adadi, pepani. Ndinalakwitsa mawu ndipo ndinakuchititsani manyazi pamaso pa alendo. Sindinkafuna kunena kuti ndinu amwano. Pali kaphokoso kamene ndimamva galimoto ikalira. Mundilole ndikuonetseni pamene kali."

Mawondo anayamba kundiwotcha. Anayang'ana botolo, kenaka ine.

"Chichewa chimenechi wachitenga kuti?" anafunsa.

"Kwa amami."

Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono, koma sanaseke. "Dzuka. Ukuti kali pati?"

Ndinalowa n'kuloza. Anakweza galimoto pa jeke, anagona chagada, n'kuyamba kumasula nsalu ija imene inakulunga mapaipi. Mapaipi anayi ochokera ku injini ankakumana malo amodzi n'kukhala paipi imodzi yopita ku sayilensa. Anawunika ndi tochi, anapapasa ndi zala, osapeza kanthu. Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndawachititsa manyazi pachabe. Ndinawauza za sopo, kuti alize injini ine ndipopere.

"Ayi," anatero. "Chitsulo chikatentha sopoyo auma usanaone kanthu, ndipo upsa manja. Katenge makina opemerera masamba aja."

Analowetsa kukamwa kwa makinawo kumapeto kwa ekizozi, anatseka m'mbali ndi sanza, n'kuyatsa kuti mpweya ulowe chobwerera m'mapaipi ozizira. Tonse awiri tinagona pansi pa galimoto, mapewa atagundana. Ndinapopera paipi yoyamba, palibe. Yachiwiri, palibe. Nditapopera pamwamba pa mphambano ija, mbali yoyang'ana ku injini imene diso silinkafika, thovu linayamba kutuluka. Linayamba ngati malovu, kenaka linafufuma, mzere wonse wautali ngati chala changa, likukula n'kumagwera pa malaya a bambo anga. Chitsulo chinali chitang'ambika motsatira pamene anawotcherera, mng'alu wowonda ngati tsitsi. Utsi ndi phokoso zinkathawira pamenepo zisanafike n'komwe ku sayilensa.

Anazimitsa makina aja. Tinakhalabe chigonere, thovu likuphulika pang'onopang'ono pamwamba pa nkhope zathu.

"Pakhala pakulira nthawi yonseyi?" anafunsa osandiyang'ana.

"Eya. Kuyambira kale."

"Ndipo iwe umamva."

"Ngakhale ndili kuchipinda kwanga."

Anapuma mpweya wautali. Kenaka anati, "Chabwino. Ndipatse sipanala ya thwelofu."

Tsiku lomwelo anachotsa mapaipi, anawotcherera mng'aluwo bwinobwino, n'kuyesanso ndi sopo mpaka osatuluka thovu ngakhale limodzi. Atabwezera zonse analiza injini, koma sanaweruze okha monga ankachitira kale. Anandiitana ndi dzanja n'kufunsa kuti, "Tsopano ukumva chiyani?"

Kamluzu kanali katapita. Koma katachoka, ndinayamba kumva china chimene kankabisa, mkokomo wa kutsogolo, pamene injini imakokera mpweya, ngati munthu akumwa thobwa mwaphuma. Ndinawauza. Sanatsutse. Anatenga pensulo n'kulemba pa katoni. Lachinayi lonse anapanga bokosi la malata lotchinga pamenepo, mkati n'kumatamo siponji. Lachisanu tinatsegula sayilensa n'kuisintha ubweya wa mkati woyamwa phokoso. Akasintha chinthu chimodzi ankaliza injini, ine n'kumazungulira galimoto maso ali chitsinzinire, ndikuima apa ndi apo, kenaka n'kuwauza zimene ndamva. Mawu ena ndinalibe a Chichewa, ena ndinalibe ngakhale a Chingerezi, tsono ndinkangotsanzira ndi pakamwa, ndipo iwo ankayang'anitsitsa milomo yanga n'kugwedeza mutu. Pofika Lachisanu madzulo, mayi wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankadandaula kawirikawiri, anali kuthirira maluwa ake injini ikulira, osacheuka n'komwe.

Loweruka mayi anga anapita nawo, koyamba. Anati akufuna kuona ndi maso awo kuti pasadzakhale nkhani. Tinafika pabwalo paja dzuwa lisanakwere kwambiri, ntchentche zitadzuka kale. A Colin anaimika kamakina kawo, anayeza ndi tepi, anakweza chala. Bambo anga anaponda mafuta. Ine sindinayang'ane kamakinako. Ndinatsinzina n'kumvetsera, ndipo phokoso linali limodzi, lodzaza, lopanda chobaya m'khutu.

A Colin analemba nambala, n'kukwezanso chala. Analembanso. Ulendo wachitatu lole yaikulu inadutsa mumsewu wa kuseri, iwo n'kupukusa mutu kuti umenewo suwerengedwa. Tinadikira loleyo ipite. Mayi anga anali atandigwira dzanja mwamphamvu moti zala zinachita dzanzi, iwo omwe aja ankati sasamuka nacho chinthuchi. Bambo anga anapondanso, anagwira, anasiya. A Colin anayang'ana kamakina, anayang'ana pepala, kenaka analitembenuza kuti tonse tione. Manambala onse atatu anali pansi pa malire. Osati ndi patali, koma pansi.

"Yapambana," anatero m'Chingerezi, n'kusaina.

Bambo anga anatuluka m'galimoto, miyendo yaitali ija ikuvutika kutuluka monga mwa nthawi zonse. Anagwira m'mbali mwa ngolo yathu ngati akufuna kutsamira, kenaka anaseka, kuseka kochokera m'mimba kumene ndinali ndisanakumve miyezi ingapo. Mayi anga anaiwala kuti ali pakati pa mafakitale a azungu, anaimba nthungululu imodzi yaitali mpaka mbalame zinauluka pa mpanda.

A Colin akupinda miyendo ya kamakina kawo anafunsa kuti tinasintha chiyani. Bambo anga akanatha kungofotokoza za mng'alu ndi bokosi la malata, ndipo zikanakhala zoona. Koma anaika dzanja pamutu panga n'kuyankha kuti, "Anapeza ndi mwana wangayu. Panali mng'alu umene unkalira, ine osaumva. Makutu anga sakumvanso bwino."

Aka kanali koyamba kuwamva akunena zimenezi, ndipo ananena pamaso pa mlendo ndi pamaso pa mkazi wawo. A Colin anawayang'ana pang'ono. Kenaka anavula chipewa chawo chachikulu chija, anatembenuza mutu, n'kuloza kuseri kwa khutu. Panali kachipangizo kakang'ono kothandiza kumva, ka mtundu wa khungu lawo. Anati zaka zambiri zoyeza injini za anthu ndi zimene zinawapatsa kameneko, ndipo ntchito akugwirabe. Mayi anga anatembenuka n'kumayang'ana kumpanda, akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Manambala a galimoto anatuluka tsiku losamuka lisanafike, ndipo bambo anga anapempha kuntchito masiku owonjezera opuma. Lole ya katundu inatsogola, mayi anga pambuyo pake, ndipo pamapeto Chiwala, chikuyenda chokha mumsewu wa boma, ine nditakhala pampando wa kumanzere. Phula linkadutsa pafupi moti ndikanatha kuligwira ndi dzanja. Pa maloboti anthu ankatsitsa magalasi kufunsa kuti ndi galimoto yanji, ndipo bambo anga ankayankha kuti ndi yopanga okha, iwo ndi mwana wawo. Mwezi wotsatira anapita kukayezetsa makutu. Anawapatsa tizipangizo tawo, kuntchito anawasinthira zotchingira m'makutu zabwinopo, ndipo ntchito sinathe. Anaigwira mpaka pamene anafuna okha kupuma.

Kwa zaka zambiri nkhani imeneyi ndinkaikamba ngati ya kupambana kwanga, ya mwana wa makutu akuthwa amene anaposa akuluakulu. Pano ndakula, ndili ndi ntchito yanga, ndipo ndalawako mmene zimawawira wina wamng'ono kwa iwe akakuuza chinthu chimene unayenera kudziwa wekha. Ndikaganiza za sabata ija tsopano, ndimaona kuti gawo langa linali lopepuka. Ine ndinangophunzira kuti choona uyenera kuchipezera khomo loti mwini wake alowere ulemu wake uli nawo. Ntchito yolemera anaigwira ndi bambo anga. Munthu wa zaka makumi anayi ndi zisanu, amene luso lake linamuwolotsa nyanja, anagona pa simenti pambali pa mwana amene anamunyazitsa pagulu, n'kuvomera kuti mwanayo amuuze zimene zikuchitika m'galimoto yomanga yekha. Akanatha kuumirira, galimoto n'kupita, ife n'kumati chinalakwa ndi kamakina ka a Colin. Anasankha kufunsa, ndipo pa zonse zimene anandiphunzitsa mu galaja muja, chimenechi ndi chimene ndikuvutikabe kuchiphunzira.